Mjigo wa kwa Chamthunzi

Cecilia Ngozo ankaphunzitsa za miyala ndi nthaka ku yunivesite ku Zomba, koma kwawo kwa Chamthunzi, kufupi ndi Golomoti, anthu ankangoti ndi dokotala wosabaya jakisoni. Achimwene ake a Ignatius, amene ankalima mpunga ku sikimu ya Bwanje, ndiwo okha amene ankayesako kumvetsa ntchito yake. Iwo ankamutchula ndi dzina la mfunda, Nangozo, monga momwe ankachitira malemu mayi awo.

Chaka chimenecho mvula ya mu Malichi inagwa masiku asanu osakata. Madzi ochokera kumapiri anang'amba chigwembe kuseri kwa mudzi, chakuya kuposa msinkhu wa munthu. Madzi ataphwa, a Ignatius anaimba foni. Anati m'khoma la chigwembecho mwatuluka mano aakulu ngati zibakera pamodzi ndi zigoba za nkhono zoyera mbee, ndipo anthu ayamba kale kunena kuti ndi manda a chilombo. Anamuuza kuti afulumire ana asanamalize kuzisandutsa zidole.

Cecilia anakwera minibasi Lachisanu, n'kutsika pa Golomoti, n'kumalizira ulendo pa kabaza. Masiku atatu anakhala ali m'chigwembe, matope mpaka m'mawondo, akupalapasa khoma ndi kampeni. Mano aja anali a mvuu. Panalinso nthiti ndi mafupa a miyendo, olemera ngati miyala. Kwa iye nkhani inali poyera: kalekale, anthu asanayambe kuwerenga zaka, nyanja inkafika pomwe pali mudzi wawo lero. Mtima wake unali m'mwamba. Zaka khumi anali akuphunzitsa ana a eni za mafupa a m'mabuku, ndipo lero anali atawapeza kuseri kwa nyumba imene anabadwiramo.

A Ignatius sanatsike m'chigwembemo. Ankaima pamwamba n'kumalandira mafupa m'thumba la feteleza. Cecilia anaona kuti akawaitana satembenuza khosi, amatembenuka thupi lonse ngati munthu wosenza mtolo. Atawafunsa anati ndi nyamakazi, msana wa mlimi wa mpunga umatha msanga chifukwa cha kuwerama powokera. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi.

Anaonanso mwana wawo Tamanda, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene akamaseka ankaphimba pakamwa ndi dzanja. Mano ake anali ndi mizere yofiirira ngati dzimbiri la pamalata. A Selina, akazi awo a Ignatius, anati ayesa mswachi, ayesa phulusa, ayesa mankhwala a m'sitolo, koma ayi ndithu. Anati ana onse a m'mudzimo ndi choncho masiku ano, mwina chifukwa cha maswiti ndi mafirizesi a pasukulu. Cecilia anangoti adzamugulira mswachi wabwino. Maganizo ake anali pa mvuu.

Atabwerera ku Zomba anapera kachidutswa ka nthiti n'kukapima mu labotale. Nambala imene makina anatulutsa inamudabwitsa, moti anaganiza kuti makinawo asokonekera. Anawatsuka, n'kupimanso. Anapera fupa lina. Nambala inali yomweyo.

Fupa likakhala m'nthaka zaka zambiri limamwa pang'onopang'ono zimene zili m'madzi a pansipo, monga momwe mtsuko watsopano umamwera madzi. Mafupa a kwa Chamthunzi anali atakhuta mchere wina wochokera m'miyala wotchedwa fulorayidi. Mcherewu ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo sumveka pa lilime. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano. Ukachuluka umawadetsa n'kuwafumbutsa, kenako umalowa m'mafupa n'kuumitsa msana ndi mawondo.

Tsiku limenelo Cecilia anasangalala mpaka masana. Anali atayamba kale kuganiza mutu wa pepala limene adzalembe. Ali pakati pa kudya mbatata yake mu ofesi, anakumbukira kuti kuchokera pa chigwembe chija kukafika pamjigo wa m'mudzi ndi mtunda woti munthu akakuwa mnzake amamva. Mbatata ija sanaimalize.

Mjigowo unali ndi mbiri yake. Zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo, mudzi wonse unkamwa madzi a mumtsinje, ndipo kolera inapha anthu asanu ndi awiri pa sabata imodzi. Wachitatu kumwalira anali mayi wa Cecilia ndi a Ignatius. Maliro atatha, a Ignatius analumbira kuti mudziwo upeza mjigo. Zaka ziwiri anayenda m'maofesi, nsapato mpaka kuperepeseka. Makalata onse opempha ankalemba ndi Cecilia, chifukwa ndiye ankadziwa Chingerezi cha m'maofesi. Tsiku limene madzi anatuluka, azimayi anavina mpaka fumbi kobo, ndipo a Ignatius anasankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya mjigo. Mpanda wa njerwa wozungulira mjigowo anamanga ndi manja awo. Kuyambira pamenepo kolera sinalowenso m'mudzimo.

Mu Meyi Cecilia anapitanso kumudzi ndi timabotolo. Anatunga pamjigo wawo, pa mijigo iwiri ya midzi yoyandikana, ndi mumtsinje. Sanauze munthu chifukwa chake. Zotsatira zinatuluka patatha sabata. Madzi a pamjigo wa kwa Chamthunzi anali ndi fulorayidi wopitirira kasanu mlingo umene thupi la munthu lingapirire. Mijigo iwiri ija inali ndi fulorayidi wochepako pang'ono, koma nayonso inali yosathandiza. Madzi a mumtsinje analibe vuto limenelo, koma anali odzaza ndi tizilombo ta matenda otsegula m'mimba.

Anasunga pepala la zotsatirazo m'chikwama masabata atatu. Kawiri anatenga foni kuti aimbe, kawiri anaibwezera pa tebulo. Pomaliza anakwera minibasi.

Anawauza Lamulungu masana, atabwera ku Misa. Anakhala pakhonde atatu, iye, achimwene ake ndi a Selina. Anayambira pa mvuu, chifukwa sankadziwa poyambira pena, ndipo a Ignatius ankagwedeza mutu mokondwa mpaka pamene nkhani inafika pa mano a Tamanda. A Selina ndiwo anayamba kumvetsa. Anafunsa ngati kuwiritsa madziwo kungathandize. Cecilia anati kuwiritsa kumangochotsa nthunzi, mchere wonse umatsala mumphika. Anafunsa za klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa. Anati klorini amapha tizilombo, koma ichi si chamoyo. Anafunsanso ngati mano a mwanayo angayerenso akasiya kumwa madziwo. Cecilia anayang'ana pansi n'kupukusa mutu.

A Ignatius anaika manja pa mawondo.

"Mjigowu ndinaupempha ndine," anatero.

"Makalata ndinalemba ndine, achimwene."

"Sindikunena zimenezo. Ndikuti, ndiye timwe chiyani, Nangozo?"

Cecilia anali ndi madigiri atatu. Anayankha kuti aganiza.

M'mawa mwake anapita ndi a Ignatius ku chipatala cha Mua kukajambulitsa msana. Dokotala anakweza chithunzicho pa windo. Mafupa a msana anali oyera mbuu ngati choko, ndipo timitsempha tolumikiza mafupawo tinali titayamba kusanduka fupa. Dokotalayo anamvetsera zonse zimene Cecilia anafotokoza, n'kuvomereza kuti zikugwirizana. Anawalembera mankhwala ochepetsa ululu. Anati chimene chauma chauma, chofunika n'kuti chisapitirire, ndipo njira yake ndi kusintha madzi akumwa. A Ignatius anathokoza mwaulemu. Atafika kunyumba ali ndi ludzu la ulendo, anamwa makapu awiri a madzi a mumtsuko, Cecilia akuyang'ana.

Kenako Cecilia anayamba kuyenda m'maofesi monga anachitira achimwene ake kale. Mu ofesi ina yoona za madzi anapezamo bambo wofatsa amene anawerenga pepala lake lonse osadumpha mzere. Atamaliza anamuonetsa mapu a pakhoma, odzaza ndi timadontho tobiriwira ndi tofiira. Anati tobiriwira ndi midzi imene ili ndi mjigo, tofiira ndi imene ikumwerabe limodzi ndi ng'ombe. Kwa Chamthunzi kunali kadontho kobiriwira. Anati chilichonse chimene ofesiyo ipeza chimapita kaye kofiirako, ndipo iye sangapite kukauza anthu akofiirawo kuti adikire chifukwa ena mjigo wawo ukudetsa mano.

"Si mano okha, bambo," anatero Cecilia.

"Ndamva, mayi. Ndikukhulupirira. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Musawaopseze anthuwo mvula isanagwe n'kutha. Akauthawa mjigowo apita kumtsinje, ndipo inu mukudziwa chimene chili kumeneko."

Panali njira imodzi imene Cecilia anaiwerenga m'mabuku: fupa lomwe limamwa fulorayidi m'nthaka lingathenso kumumwa m'ndowa. Anakatola mafupa a ng'ombe kwa mabucha a pamsika wa Golomoti, n'kuwawotcha mu mgolo mpaka anasanduka makala. Anawasinja, n'kuwaika mu ndowa yoboola pansi pamodzi ndi mchenga. Madzi odontha m'ndowamo atawapima, nambala inatsika kufika poyenera. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu Cecilia anagona tulo.

Koma kuti ndowa zilowe m'nyumba za anthu panafunika kuwauza chifukwa chake, ndipo nkhani inafala m'mudzi tsiku limodzi. Ena anati madziwo akumveka kafungo ka nyama yopserera. Ena anati sangamwe madzi odutsa m'mafupa a nyama imene sakudziwa kuti anaizinga ndani. Panamvekanso manong'onong'o akuti mwana wa Ngozo anayamba ndi kufukula mafupa, tsopano akufuna kuwamwetsa anthu. Mabanja khumi ndi awiri okha ndiwo analandira ndowa. Patatha masabata asanu ndi awiri Cecilia anabweranso kudzapima, n'kupeza kuti makala aja akhuta, madzi akungodutsa momwe alowera. Madziwo ankaoneka chimodzimodzi, oyera bwino, ndipo panalibe njira yoti munthu wa m'mudzi adziwe kuti makala atha ntchito popanda makina a ku Zomba. Ng'ombe za pa Golomoti zimene zinkaphedwa pa sabata zinali zitatu kapena zinayi. Mafupa ake sakanakwanira ngakhale theka la mudzi.

Cecilia anagulira achimwene ake migolo iwiri yokolera madzi a mvula padenga. Nyumba za malata m'mudzimo zinali zisanu ndi imodzi. Zina zonse zinali zaudzu.

Mvula itayamba mu Disembala, chimene bambo wa mu ofesi uja ananena chinachitika. Kettie, mayi wachitsikana wokhala moyandikana ndi a Ignatius, anali ndi ana awiri, Hope wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi kakhanda koyamwa kamene kanali katangoyamba phala. Mano a Hope anali atayamba kale mawanga. Kettie anati wachiwiriyu ayi, ndipo anayamba kulawirira kumtsinje ndi chigubu. Patapita masiku khumi, kamwanako kanayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Anathamangira nako kuchipatala pa njinga, maso atalowa kale m'kati. Kanakhala pa diripi masiku anayi. Kanachira, koma kanabwera kali mafupa okhaokha.

Cecilia atamva ananyamuka tsiku lomwelo. Pamjigo anakumana ndi a Amosi, mlangizi wa zaumoyo wa dera limenelo, bambo wa imvi amene anagwira nawo ntchito yoika maliro nthawi ya kolera ija. Sanamukalipire. Anamuuza kuti mabanja asanu ndi anayi abwerera kumtsinje, ndipo iwo akhala akuyenda khomo ndi khomo kuwapempha kuti asiye, koma aliyense akuti a dokotala a ku Zomba anena kuti mjigo ndi poizoni.

"Mayi, ine sukulu yanga ndi yochepa," anatero a Amosi. "Koma momwe ndamvera, madzi a pamjigo amapweteka munthu pa zaka makumi awiri. A mumtsinje amapha pa masiku awiri. Anthuwa ine sakundimveranso. Muwauze ndinu."

Loweruka lotsatira anthu anasonkhana pa bwalo la sukulu. A Ignatius monga wapampando anatsegula msonkhano ataimirira, chifukwa kukhala pa benchi n'kudzukanso kunali kutayamba kuwavuta. Kenako Cecilia anaima. Anafotokoza zonse mosabisa, za miyala ya pansi, za mano a ana, za misana ya akulu. Ndiye ananena mawu amene anakhala akuwayeseza m'minibasi njira yonse. Anati apitirize kumwa madzi a pamjigo. Anati amene ali ndi malata akole madzi a mvula, apatseko ana aang'ono oyandikana nawo. Anati amene wapita kumtsinje awiritse ndi kuthira klorini, koma iye akudziwa kuti nkhuni ndi zovuta ndipo klorini sapezeka mwezi uliwonse, choncho mjigo ndiye wabwinoko.

Mayi wina wachikulire anakweza dzanja n'kufunsa ngati iye mwini, kwawo ku Zombako, ana ake amamwa madzi otere. Cecilia anati ayi. Mayiyo anati amangofuna kudziwa, n'kukhala pansi. Panalibe amene anakuwa kapena kunyoza. Anthu anabalalika mwakachetechete, ndipo madzulo ake mzere wa ndowa pamjigo unali wautali monga kale.

Pepala lake linatuluka m'magazini ya akatswiri mu Epulo. Mu Juni anamuitana ku msonkhano kunja kwa dziko. Anaonetsa zithunzi za chigwembe, za mano a mvuu, za msana wa achimwene ake dzina atalibisa. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Pulofesa wina anati njira yogwiritsa mafupa akale pozindikira madzi oipa ndi yanzeru kwambiri, ndipo ithandiza maiko ambiri. Mafunso anayi mwa asanu anali okhudza zaka za mvuuzo. Bungwe lina linamulonjeza thandizo loti apitirize kafukufuku. Iye anafunsa ngati thandizolo lingagule mapaipi otsitsira madzi kuchokera pa kasupe wa kuphiri, mtunda wa makilomita khumi ndi anayi. Anamuyankha mokoma kuti iwo amathandiza kafukufuku, za mapaipi zili ndi eni ake, ndipo anamupatsa mayina a mabungwe atatu. Analembera onse atatu. Limodzi linayankha kuti chaka chino likugwira ntchito m'maboma ena.

Migolo ya madzi a mvula kwa a Ignatius inauma kumapeto kwa Meyi, chifukwa a Selina sakanatha kumana ana a anansi. Mpunga wa chaka chimenecho anakolola a Selina ndi aganyu. A Ignatius anali atasiya kukwera njinga. Ankayenda ndi ndodo, mutu uli chowerama pang'ono, ndipo akafuna kuona munthu kumaso ankabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Mjigo ukawonongeka ankapitabe, n'kuima pambali kumalangiza anyamata pomasula. Udindo wa wapampando sanautule. Anati palibe wina amene akuufuna.

Tamanda anayamba kudandaula mawondo akachokera kusukulu. Mu Ogasiti a Selina anaimbira Cecilia foni okha, a Ignatius ali kutchalitchi. Sanazungulire. Anati alamu, mwanayu mumutenge. Cecilia anali ndi ana awiri ndi nyumba ya zipinda ziwiri. Anakambirana ndi amuna ake, n'kugwirizana kuti Tamanda azigona ndi mwana wawo wamkazi pa bedi limodzi.

Cecilia anakamutenga sabata yoti sukulu zitsegulidwe. Kunali kotentha kale, mitengo ili mbee, mtsinje utasanduka mchenga ndi timadziwe tobiriwira. Katundu wa Tamanda anakwana mu chikwama chimodzi cha sukulu ndi jumbo. A Ignatius anamulangiza mwanayo kuti akamvere azakhali ake, akalimbikire masamu. Kwa Cecilia sananene zambiri. Anamupatsa thumba la mpunga wopuntha kale, n'kunena kuti ayende bwino, iwo saperekeza chifukwa dzuwa lakula.

Akudikira akabaza pansi pa mtengo wa kumsewu, kunabwera Kettie, khanda lili kumsana, atagwira Hope pa dzanja. Hope anali atasamba, atavala diresi la ku tchalitchi, m'manja muli kajumbo. Kettie anagwada n'kupereka moni. Anayamba ndi kuthokoza chifukwa cha sopo amene Cecilia anamubweretsera mwana atadwala. Kenako anati wamva kuti Tamanda akupita kumadzi abwino.

"Uyunso ndi wanu, amayi," anatero. "Sadya zambiri. Amatha kusesa, amatha kutsuka mbale. Sukulu ngakhale osapita."

Cecilia anamuyang'ana mwanayo. Mano ake akutsogolo anali atangomera kumene, ndipo mawanga anali asanafike pakati. Anayamba kufotokoza za zipinda ziwiri, za ana atatu pa mabedi awiri, za amuna ake. Mawu ake ankamveka kwa iye mwini ngati a bambo wa mu ofesi uja. Kettie anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Chabwino, amayi. Mwina chaka cha mawa."

Anadzuka, n'kukonza nsalu ya mwana kumsana, n'kutenga kajumbo m'manja mwa Hope. Anabwerera kumudzi, Hope akucheukacheuka.

Pa Golomoti anapeza minibasi ya ku Balaka itatsala pang'ono kudzaza. Tamanda anakhala cha pa windo. Anali asanapitepo kutali chotero, ndipo poyamba ankafunsa dzina la malo alionse, koma kutentha kunamugonjetsa, n'kugona atatsamira phewa la azakhali ake. Cecilia anatsala akuyang'ana kunja. M'mbali mwa msewu munali mijigo, wina pafupi ndi sukulu, wina pansi pa mlambe, wina kuseri kwa chigayo, uliwonse ndi mzere wake wa ndowa ndi ana opopa molumpha. Panalibe ngakhale umodzi umene iye anaupimapo. Anawerenga mpaka khumi ndi isanu ndi umodzi, kenako kondakitala anamugwira paphewa kuti asendeze thumba la mpunga, pakwere munthu wina.